Loko wa Sailesi

Inu amene mumangolowa m'masitolo a ku Limbe n'kumasangalala ndi kamphepo kozizira kotsika kusiling'i, simudziwa kuti pamwamba penipeni pa nyumbazo pamakhala anthu akupsa ndi dzuwa kuti inu musatuluke thukuta. Mmodzi mwa anthu amenewo anali Lufeyo. Sendererani kuno ndikuuzeni mmene mwamuna wamkulu, wa ndevu zake, anachitira nsanje ndi munthu wakufa. Musafulumire kuseka, nanenso ndinayamba ndi kuseka.

Lufeyo anali wamagetsi pa nyumba ina yosanjikizana, ya masitolo pansi ndi maofesi pamwamba. Denga lake linali la konkire, ndipo pamenepo panali makina anayi, aliwonse aakulu ngati ngolo. M'nyengo ya chiperoni makinawo ankatumiza mpweya wofunda m'zipinda, kukatentha n'kumatumiza wozizira. Pakhoma la chipinda chilichonse panali kabokosi koyeza kutentha, ndipo timawaya tochokera m'kabokosiko tinkakwera mpaka kudenga: kofiira konyamula moto, kachikasu koitana kuzizira, koyera koitana kufunda, kobiriwira kodzutsa fani. Kabokosi kakaitana, kumtunda kunkamveka kuti khwa! Imeneyo ndi kontakita, kachipangizo kamene kamalumikiza magetsi aakulu, ndipo ikangolira makina amayamba kung'ung'udza.

Ntchito imeneyi ili ndi lamulo limodzi loposa onse. Munthu asanalowetse mutu m'makina, amazimitsa swichi yaikulu n'kuikapo loko wakewake, wolembedwa dzina lake, kiyi n'kusunga yekha. Loko ameneyo amauza aliyense kuti muli munthu umu, sanaweruke. Palibe amene amachotsa loko wa mnzake, kaya ndi bwana, kaya ndi mwini nyumba. Amachotsa mwiniwake akamaliza ntchito.

Pa makina achitatu panali loko wa Sailesi, ndipo Sailesi anali atagona kumanda kalekale.

Lufeyo ndi Sailesi anaphunzira ntchito pamodzi m'manja mwa a Gwaza, mkulu wa amagetsi pa nyumbayo. Lufeyo sanali mbuli ayi, makina ake ankalira. Koma ukatsegula bokosi limene wagwiramo Lufeyo, mawaya ankakhala ngati chisa cha makoswe, pamene m'bokosi la Sailesi ankakhala olukana bwino, aliyense m'njira yake. A Gwaza nawonso pakamwa pawo panalibe mabuleki. Tsiku ndi tsiku, "Iwe Lufeyo, taona mmene wachitira mnzakoyu." Mawu otere akamagwa pamutu pa munthu chaka ndi chaka amaboola.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, Sailesi anali ndi Delifa. Delifa anali telala, ankasoka makatani m'chipinda cha pamwamba m'nyumba yomweyo, pamodzi ndi amayi anzake. Nthawi ya nkhomaliro ankakwera makwerero achitsulo ndi fulasiki ya tiyi ndi mbatata zophika, n'kukhala ndi mwamuna wake pamthunzi wa makina. Ankamugawirako Lufeyo, inde, koma mbatata ya chifundo imatsamwitsa.

Tsiku lina Sailesi anatsegula makina achitatu n'kupeza kontakita yapsa. Anaichotsa, anakiya swichi, natsika kuti akagule ina. Powoloka msewu lole inamugunda, ndipo anathera pomwepo. Kiyi anali m'khosi mwake pa kachingwe. Osambitsa maliro kwawo ku Thyolo sanadziwe kuti ndi wa chiyani, ndipo sanafune kumuvula, choncho anapita naye. Mwini nyumba atalamula kuti loko adulidwe, a Gwaza anakanitsitsa kwa mtu wa galu. M'malo mwake anasintha mipaipi ya mpweya kuti makina atatu otsalawo azisenza nyumba yonse. Chinatsalira ndi chipinda cha atelala chokha, chimene mpaipi wake unkachokera ku makina achitatu. Atelalawo anangowagulira timafani ta patebulo.

Lufeyo anamulira mnzake, zimenezo tisamunamizire. Koma kumeta kutachitika, abale a malemu atamusudzula Delifa monga mwa mwambo, munthu uja anayamba kupezeka pafupi. Lero wabwera kudzakonza soketi, mawa wanyamula thumba la chimanga, mkuja watuma ankhoswe. Anthu anati wachita bwino, wasamala mkazi wa mnzake. Analowa m'nyumba ya Delifa ku Bangwe, imene anamanga Sailesi, akudziuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Komatu swichi iliyonse imene ankagwira m'nyumbamo anaika ndi Sailesi, yowongoka bwinobwino. Ngakhale msomali wokolekapo jekete unali wa Sailesi, ndipo unali pamwamba pang'ono, poti malemuyo anali wamtali. Madzulo aliwonse Lufeyo ankachita kunyang'ama kuti akoleke jekete lake.

Zinayamba pang'onopang'ono. Mu Juni, chiperoni chili khathikhathi, anthu akuyenda atadzikulunga, Delifa ankapita kuntchito ndi bulauzi yokha. Mwamuna wake atamufunsa, anangoti, "Kuntchito kwathu n'kofunda, abambo." Lufeyo sanaganize zambiri. Amayi akadzazana m'chipinda chimodzi ndi masimbi ositira, kumafunda ndithu.

Koma mu Okutobala, dzuwa lili phwee, phula likumata kunsapato, Delifa anayamba kutenga juzi.

"Juzi wa chiyani kutentha konseku?"

"Pamalo panga pamazizira."

"Timafani tija?"

"Kaya, mwina ndi timafani tomweto." Anayankha akuyang'ana m'chikwama, ngati wataya kanthu.

Masana a tsiku lomwelo Lufeyo analowa m'chipinda cha atelala ngati wodutsa. Munali ngati mu uvuni. Amayi anali atavula maduku, akudzikupiza ndi zidutswa za makatoni, timafani tikungotembenuza mpweya wotentha womwewo. Mwini shopu, Mayi Chikopa, atamuona anaseka.

"Alamu, takulandirani kung'anjo! Mwabwera kudzaona mmene akukusamalirirani mkazi?"

"Akundisamalirira ndani?"

"Aa, ife tidziwa bwanji? Inu ndinu a padenga. Ifetu tikupsa, koma mnzathuyo ali ku Mulanje."

Amayi onse anaseka, kupatula Delifa. Iye anali pakona, atavala juzi wake, akupalasa makina osokera. Pamwamba pake, kusiling'i, panali chibowo cha mpweya chotchingidwa ndi timizere ta chitsulo, ndipo ulusi umene unakodwa pamenepo unkavina. Lufeyo anakweza dzanja. Mphepo yozizira bwino, youma, yofanana ndi ya makina okonzedwa kumene, inamuwomba m'chikhatho. Anapita pa kabokosi ka pakhoma. Kanali kakufa, kopanda ngakhale kagetsi, fumbi lili mbuu.

Delifa anaimirira kupita kukasita nsalu, ndipo ulusi uja unagwa n'kukhala bata. Atabwerera n'kukhala pampando, kumtunda, kutali, kunamveka kuti khwa! Ulusi unayambanso kuvina. Delifa anadzutsa nkhope pang'ono, atatsinzina, n'kusiya mphepoyo imusisite pakhosi. Zinali za kamphindi chabe, koma Lufeyo anaziona.

Anakwera kudenga mothamanga. Loko anali pomwepo, wachita dzimbiri, dzina la Sailesi likuonekabe. Swichi inali yozimitsa. Anatulutsa mita n'kuyeza mawaya aakulu onse, koma munalibe moto ngakhale wophera nyerere. Anasuzumira m'bokosi: pamalo pa kontakita panali mabowo a zomangira okha, mawaya akulendewera mmene anawasiyira mwiniwake. Lamba wa fani anali wong'aluka, akangaude atamangapo. Komabe atagwira malata a makinawo anali ozizira ngati botolo lochokera mufiriji, ndipo kumpopi wotayira madzi kunkadontha, do, do, do, pa konkire yotentha.

Munthu wina akanatsika n'kukapempha tchuthi. Lufeyo anaima pamenepo akupuma mwamphamvu, n'kulankhula ndi malata. "Ukadali kumusamala, eti? Ine ndiye ndine ndani?" Madzi aja ankangodonthabe.

Kuyambira pamenepo zida zake zinayamba kusowa. Tepi wamagetsi, pulayazi, sikuludiraiva yaing'ono ija ankaikonda. Ankakalipira a kilina, ankakayikira alonda. Kenako anazipeza m'makina achitatu, pansi pa bokosi la mawaya, zitandandalikidwa kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono. Munthu mmodzi yekha ndiye ankayala zida motero. Anazitola n'kuzibweza m'chikwama chake.

Chimene chinamupweteka kwambiri chinachitika pa makina oyamba. Anagwiramo tsiku lonse kusintha kathiransifoma kamene kamachepetsa moto wopita ku timawaya ta mabokosi a pakhoma. Anatopa, anasiya mawaya ali balala monga mwa chizolowezi chake, nati adzakonza mawa. M'mawa anapeza a Gwaza atafika kale, atatsegula bokosilo, akugwedeza mutu mokondwa.

"Lufeyo, bwera kuno. Ukuona? Ndimadziwa ine kuti tsiku lina udzakula. Taona kofiira kali pake, kachikasu kali pake. Tsopano wayamba kugwira ngati Sailesi."

Mawayawo anali olukana bwino, omangidwa timitolo tofanana. Kwa zaka zonsezo Lufeyo ankalakalaka kumva a Gwaza akumuyamikira, ndipo tsiku limene anamuyamikira, anamuyamikira ntchito ya Sailesi. Anangoti, "Zikomo, bwana."

Kutsidya kwa msewu kunali mayi wina wogulitsa nthochi, wobwera kumene m'tauni, amene sankadziwa za ngozi ija. Madzulo ena Lufeyo akugula nthochi, mayiyo anati:

"Koma achimwene, mnzanu uja simumumvera chisoni? Inu mumaweruka, iye ayi."

"Mnzanga uti?"

"Wamtali uja. Ine ndikamalongedza dengu ndimamuona ali chiimire pamphepete pa denga, akuyang'ana cha ku Bangwe uko. Ndikabwera m'mawa, ali pomwepo. Kodi alibe kwawo?"

Lufeyo anacheuka. Padenga panalibe munthu, mitu ya makina yokha ikuoneka yakuda chifukwa cha dzuwa lolowa. Anaiwala nthochi zake pa dengu pomwepo.

Kunyumba sanathenso kudzigwira. Delifa ankasankha nyemba pakhonde, iye n'kuima pamaso pake.

"Umamva bwanji ikamakuwomba?"

"Chiyani, abambo?"

"Usandipusitse. Mphepo ija. Ndinakuona utatsinzina."

"Ndiye munthu asatsinzine? Ndi mphepo basi."

"Mphepo yochokera m'makina opanda moto! Mphepo yodziwa dzina la munthu! Bwanji siwomba Mayi Chikopa?"

Delifa anaika lichero pansi. "Mukufuna ndinene chiyani? Ine sindinaiitane. Ndinalira, ndinametedwa, anandisudzula, ndinakwatiwa ndi inu. Ndalakwa chiyani? Kodi mukanakonda ndizipsa ngati anzanga?"

"Eya! Ndikanakonda uzipsa!"

Mawuwo anatuluka okha, ndipo atatuluka sanabwererenso. Delifa anatola lichero lake n'kulowa m'nyumba. Lufeyo anatsala pakhonde ndi manyazi ake. Mwamuna mnzako wamoyo ungathe kumudikirira panjira, ungathe kukamusumira kwa ankhoswe. Koma uyu anali khoswe wokhala pamkhate, ndipo Lufeyo sankadziwa pomumenyera.

Anayesa zimene wamagetsi angayese. Anauza Delifa kuti asinthe malo, ndipo mkazi wa anthu anamvera, nasamukira pafupi ndi zenera. Chibowo cha pakona chinaleka, cha pazenera n'kuyamba. Anakwera kusiling'i n'kutseka mpaipi ndi masaka, koma m'mawa anapeza masakawo atapindidwa bwino pafupi ndi chikwama chake cha zida. Anadula timawaya tonse ta kabokosi ka pakhoma, kofiira, kachikasu, koyera ndi kobiriwira, n'kutitaya m'bini. Tsiku lotsatira tinali pamalo pake, tolumikizidwa ndi kukutidwa ndi tepi wake yemwe. Atelala analeka kumuseka. Akalowa ankangoti zii, maso pansalu, ndipo wina mwa iwo anayamba kubwera ndi kolona.

Pomaliza anapita kwa a Gwaza, amene anali pansi pa masitepe akumwa tiyi.

"Bwana, loko uja ndikufuna ndimudule."

A Gwaza sanadabwe. Anapemerera tiyi wawo kaye. "Ndimadziwa kuti ubwera. Ukuganiza kuti ine ndilibe maso? Mawaya a m'makina oyamba aja ndinazindikira nditafika kunyumba kuti anawaluka ndi Sailesi. Usiku umenewo sindinagone."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

"Mphwanga, loko amanena chiyani?"

"Kuti muli munthu."

"Ndipo akachoka?"

"Kuti ntchito yatha."

"Basi. Mnzako ali pantchito. Chimwalirireni sanapweteke munthu, sanatsike masitepe awa ngakhale kamodzi. Munthu ali pantchito amamusiya pantchito. Ukafuna achoke, pali njira yake. Upite ku Thyolo, ukawagwadire amalume ake, abwere kuno. Delifa akwere nawo padenga, amuuze ndi pakamwa pake kuti wamasuka, amalume atenge mzimu wake apite nawo kumene anagona. Akatero, loko ndidzadula ndine ndi manja anga."

Lufeyo anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ine ndikagwadire abale a Sailesi? Ndikwere ndi mkazi wanga padenga kuti akalankhulane, ine nditaima pambali ngati wogwira kandulo?"

"Ndi mawu ochepa chabe."

"Ngakhale amodzi, bwana. Sadzalankhulananso."

"Nsanje yako ikuposa msinkhu wako," anatero a Gwaza. "Ine ndakuuza. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu."

Galu wamkota sakandira pachabe, koma munthu wa nsanje makutu ake amamva mtima wake wokha. Lufeyo anadikira Loweruka, tsiku limene maofesi amatseka masana, atelala n'kuweruka msanga. Anauza Delifa kuti atsogole. A Gwaza anali atapita ku ukwati wa mdzukulu wawo. Lufeyo anakwera padenga ndi sowo yodulira zitsulo, kontakita yatsopano ndi lamba wa fani.

Dzuwa linali paliwombo, padenga palibe ngakhale khwangwala. Atagwira loko, anali wozizira moti zala zinachita dzanzi. Anayamba kucheka. Makina atatu aja ankang'ung'udza monga mwa masiku onse, koma sowo itangoluma chitsulo anazima onse pamodzi, ngati ana amene aleka phokoso mkulu akalowa. Phokoso la misewu ya Limbe linamveka ngati lili kutali kwambiri. Kumbuyo kwake kunali munthu. Sanamuone, sanafune kumuona, koma khosi lake linkadziwa kuti wina wamtali waima pafupi, akuyang'ana ntchito yake podutsa paphewa, monga ankachitira kale.

"Yang'ana," anatero Lufeyo mano ali gwa, osacheuka. "Yang'anitsitsa. Makina awa ndi anga tsopano. Ntchito imene inakukanika ndimaliza ndine."

Loko anaduka n'kugwa pa konkire.

Anagwira ntchito imeneyo ngati wolipsira. Anamanga kontakita, anabweza mawaya aakulu pamalo pake, anachotsa lamba wakale n'kuika watsopano, anayeza mafyuzi onse. Timawaya ta mtundumtundu anatiyala bwino, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, mosathamanga. Atamaliza anatseka bokosi n'kukankha swichi yaikulu. Makina otere sayamba nthawi yomweyo, ali ndi kawotchi kamene kamawachedwetsa pang'ono kuti asapse. Lufeyo anadikira, thukuta likulowa m'maso. Kenako khwa! Fani inatembenuka, makina achitatu analira, ndipo anzake atatu anayankha. Anaseka yekha padengapo. Kuyambira Lolemba, mphepo iliyonse yomuwomba Delifa idzakhala yake, osati ya Sailesi.

Ali mkati moseka, anamva makwerero achitsulo akulira. Ng'we, ng'we, ng'we, mwa phee, ngati munthu wotopa amene akutsika atanyamula chikwama. Anasuzumira. Pa makwerero panalibe munthu, koma chitsulo chinkagwedera pamene phazi likanaponda. Pansi, chitseko cholowera m'nyumba chinatseguka n'kudzitseka bwinobwino.

Padenga panatentha monga mmene denga liyenera kutenthera. Lufeyo anaona kuti wapambana. Analongedza zida mosathamanga, anasesa timawaya todulidwa, anayendera makina onse, anakhalanso pansi kumvetsera mmene achitatu akulirira. Pamene ankatuluka pageti, dzuwa linali litapendeka.

Mayi wa nthochi anamukodola.

"Achimwene, mwachita bwino! Ndaona lero mwamupumitsa mnzanu uja."

"Mwamuona?"

"Ee, wadutsa pompano, kale ndithu. Ndinamulonjera koma sanayankhe, anali pachangu. Munthu wasowa kwawo uja! Wawoloka msewu mosamala, kuyang'ana uku ndi uku, n'kukwera minibasi ya ku Bangwe."

Apo m'pamene mawu a a Gwaza anafika pamalo pake. Munthu akaweruka sapita kumanda, amapita kunyumba kwake. Lufeyo anataya chikwama cha zida pa dengu la nthochi n'kuyamba kuthamanga.

Inu mukuidziwa minibasi ikadziwa kuti uli pachangu. Inaima pasiteji kudikira kudzaza, kondakitala akukangana ndi mayi wa thumba la makala. Inaima kuthira mafuta. Inaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Lufeyo ankangomenya bondo, akupemphera pemphero losalongosoka. Anaimba foni ya Delifa, inalira mpaka kuduka. Pamene ankatsika ku Bangwe, kunja kunali kutayamba chisisira, utsi wa mbaula uli tolotolo m'makomo.

M'njira yonse anthu anali panja chifukwa cha kutentha, amuna ali chifuwa pamtunda, ana akusewera ndi madzi. Koma atangolowa pa mpanda wa kwawo, mpweya unasintha. Malata a nyumba ankadontha ngati kwagwa mame, magalasi a mazenera ali mbuu. Galu wa aneba anali atagona pageti, mutu pansi, akulira chamumtima.

Delifa anali kukhitchini, akukazinga anyezi. Atamva mapazi anatembenuka, ndipo chipande chinaima m'mwamba.

"Inu? Mwatuluka nthawi yanji?"

"Ndikufika kumene."

"Mukufika kumene bwanji? Si inu munalowa ine ndikutsuka mpunga? Ndinamva chitseko, ndinamva mukuvula nsapato. Ndakuikirani madzi kubafa."

Bafa inali kuseri kwa nyumba, yoyandikana ndi khitchini. Kumeneko kunkamveka madzi, khwavu, khwavu, munthu akudzithira mosathamanga, kuchotsa fumbi la ntchito yaitali. Kenako madzi analeka, ndipo wosambayo anakhosomola pang'ono, kakhosomo kouma ka pakhosi.

Lufeyo anayang'ana mkazi wake. Ankadikira kuti akuwe, ataye chipande, amuthamangire n'kumukakamira. Akanatero, zonse akanazikhululukira, ngakhale Sailesi amene. Anamugwira mkono.

"Delifa, tiye. Tithawe, tikagone kwa a Gwaza. Mawa ndipita ku Thyolo, ndikawagwadira, ndichita zonse. Tiye, mkazi wanga."

Delifa sanakuwe. M'maso mwake misozi inali lengelenge, koma sinali ya mantha. Lufeyo anali asanaionepo nkhope imeneyo chikwatiranireni, ndipo anazindikira kuti ankaisungira Sailesi, osati iye. Mkazi uja anachotsa dzanja la mwamuna wake pamkono pake mofatsa, chala chimodzichimodzi. Anaphula poto pamoto, anapukuta manja, anakonza duku lake.

"Dikirani kaye panja, a Lufeyo," anatero motsitsa mawu. "Sindinawaikire tawulo."

Analowa kuchipinda, natuluka ndi tawulo yatsopano imene ankasungira alendo, nazungulira kuseri kwa nyumba osacheuka. Lufeyo anamva chitseko cha bafa chikutseguka. Kenako anamva Delifa akuseka chapansipansi, kuseka kosakanikirana ndi kulira.

Aneba amati anamuona Lufeyo ataima pageti mpaka mdima unagwa, dzanja lili pachitseko, osalowa, osachoka. Mmodzi wa iwo anamufunsa ngati wataya kiyi. Iye anapukusa mutu n'kunena kuti ayi, eni nyumba abwera.